Mafunso ndi mayankho: Kodi kudzudzula magulu olankhulira Israel n'kudana ndi Ayuda?

Nkhondo ikangobuka ku Gaza kapena ku Lebanon, mkangano umodzi umadzuka pa Facebook ndi pa WhatsApp. Wina amati America imathandiza Israel chifukwa "Ayuda anagula aphungu onse". Mnzake amamuyankha kuti ndi wodana ndi Ayuda. Woyamba uja amati, "Mwaonatu, munthu ukangonena zoona amakutseka pakamwa." Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pa mikangano yotere. Ambiri akukhudza America, chifukwa kumeneko ndi kumene nkhaniyi inamera mizu.

Choyamba, lobbying n'chiyani?

Ndi ntchito yonyengerera aphungu ndi akuluakulu a boma kuti apange malamulo kapena mfundo zokomera gulu lako. Ku Washington ntchitoyi ndi yololedwa, ndipo lamulo la 1995 limakakamiza oigwira kulembetsa ndi kuulula ndalama zimene awononga. Makampani a mankhwala ali ndi anthu awo, opanga zida za nkhondo ali ndi awo, eni mfuti ali ndi NRA, ndipo anthu ochokera ku Cuba anakhazikitsa Cuban American National Foundation mu 1981 kuti boma la America lisafewetse mtima pa Fidel Castro. Mayiko monga Saudi Arabia, Qatar ndi United Arab Emirates amalemba ganyu makampani owalankhulira. Mukhoza kuipidwa nayo ntchitoyi, ndipo Aamerica ambiri amaiona ngati katangale wovala suti, koma si yam'seri.

Nanga AIPAC imene imatchulidwatchulidwayi ndi ndani? Ndi yamphamvudi?

Ndi yamphamvu, ndipo palibe chifukwa chozembera. American Israel Public Affairs Committee inayamba m'zaka za m'ma 1950 motsogozedwa ndi Isaiah Kenen. Kwa zaka zambiri sinkapereka ndalama mwachindunji kwa opikisana pa zisankho. Mphamvu yake inali pa kudziwa anthu: kulemba zikalata zimene aphungu amasainira, kuunjika mamembala masauzande ku Washington chaka ndi chaka, ndi kusonyeza opereka ndalama kuti bwenzi ndani, mdani ndani. Bungwe lina logwirizana nayo limalipirira aphungu maulendo okaona Israel. Ndalama zimene AIPAC imalembetsa kuti yawononga pa lobbying yeniyeni zimakhala pafupifupi madola 3 miliyoni pachaka, zochepa kwambiri poyerekeza ndi U.S. Chamber of Commerce, imene zaka zambiri imadutsa madola 60 miliyoni.

Zinthu zinasintha mu Disembala 2021 pamene AIPAC inatsegula thumba lothandizira opikisana pa zisankho, n'kutsegulanso lina lotchedwa United Democracy Project. Chigamulo cha khoti lalikulu cha mu 2010, pa mlandu wa Citizens United, chinali chitatsegula kale khomo loti matumba otere aziwononga ndalama zopanda malire. Mu 2024 thumba la United Democracy Project linathira madola oposa 14 miliyoni pofuna kugwetsa Jamaal Bowman ku New York pa chisankho cha chipulula cha chipani cha Democratic, ndi oposa 8 miliyoni pofuna kugwetsa Cori Bush ku Missouri. Onse awiri anali odzudzula Israel, ndipo onse awiri anagwa. Chochititsa chidwi n'chakuti mauthenga ambiri amene analipiridwa pa wailesi yakanema sankatchula n'komwe za Israel, ankangokumba zofooka zina za aphunguwo. Bowman anali atadzichekera kale mpeni polira belu la moto m'nyumba ina ya Congress, nyumba ya malamulo ya America, mu 2023.

Zonsezi mukhoza kuzinena mokweza, ndipo manyuzipepala a ku America, ngakhale a Ayuda omwe, amazilemba.

Ngati zili choncho, chalakwika n'chiyani munthu akati Ayuda ndi amene akulamulira America?

Taonani zimene zasowa m'chiganizocho. Dzina la bungwe lasowa. Chiwerengero cha ndalama chasowa. Chisankho chimene chinakhudzidwa chasowa. M'malo mwake mwalowa mtundu wonse wa anthu, pafupifupi 7.5 miliyoni ku America, kuphatikizapo mphunzitsi wa ku Ohio amene sanaperekepo kobiri ku AIPAC ndi wophunzira amene anamangidwa pa zionetsero zotsutsa nkhondo ya ku Gaza. Ayuda pafupifupi 7 mwa 10 alionse ku America amapendekera ku chipani cha Democratic, ndipo ambiri mwa iwo sagwirizana ndi Benjamin Netanyahu, mtsogoleri wa ndale wa ku Israel. Bungwe la J Street linayamba mu 2008 makamaka pofuna kutsutsa njira ya AIPAC. Jewish Voice for Peace, yomwe inayamba mu 1996, imapita patali kwambiri mpaka kukana Zionism yomwe, ganizo lakuti Ayuda akhale ndi dziko lawo.

Palinso mawu akuti "kulamulira". Kukopa ndi kulamulira ndi zinthu ziwiri. Wokopa amapambana lero, mawa n'kugonja, ndipo mukhoza kumuwerengera zigoli. Wolamulira wam'seri sagonja, chifukwa akaoneka ngati wagonja, okhulupirira amati ndi chinyengo chake chomwecho. Aliyense amene anaonapo gogo akulozedwa ufiti pamudzi akudziwa mmene mlandu wotere umayendera: akakana, ndiye umboni wakuti ndi mfiti yochenjera, akakhala chete ndiye kuti wavomera. Mlandu wopanda khomo lotulukira si mlandu, ndi chigamulo chimene chinapangidwa kale.

Bodza la dzanja lam'seri la Ayuda linachokera kuti?

Ndi lakale kuposa dziko la Israel, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948, ndiye silingakhale kuti linabadwa chifukwa cha zochita za Israel. Ku Ulaya wakale Ayuda ankaletsedwa kukhala ndi malo ndi kulowa ntchito zambiri zamanja, pamene Tchalitchi chinkaletsa Akhristu kubwereketsa ndalama zachiwongoladzanja. Ayuda ena analowa ntchito imeneyo, mafumu n'kumawagwiritsa ntchito potolera misonkho, ndipo anthu akapsa mtima mafumu omwewo ankawaponya kutsogolo. Chithunzi cha Myuda ndi thumba la ndalama chinachokera kumeneko. Mawu akuti antisemitism, kutanthauza kudana ndi Ayuda, anafalitsidwa ndi Wilhelm Marr ku Germany mu 1879, ndipo iye ankawanena monyadira.

Mu 1903 ku Russia kunatuluka chikalata chotchedwa Protocols of the Elders of Zion, chonamizira kuti ndi zokambirana za akuluakulu a Ayuda okonza zolanda dziko lonse kudzera m'mabanki, manyuzipepala ndi nkhondo. Mu 1921 nyuzipepala ya The Times ya ku London inasonyeza kuti n'chopeka, ndipo zigawo zambiri anazikopera m'buku la Maurice Joly la mu 1864 lonyoza Napoleon III, lomwe silinkanena za Ayuda. Bodza silinafe ngakhale zinaululika. Henry Ford, mwini kampani ya galimoto uja, analifalitsa ku America kudzera m'nyuzipepala yake ya Dearborn Independent kuyambira mu 1920. Ku Germany anthu ankauzidwa kuti nkhondo ya 1914 mpaka 1918 sanagonje kubwalo, koma anabayidwa kumsana ndi Ayuda ndi achikomyunizimu. A Nazi anaphunzitsa zimenezi m'masukulu, ndipo mapeto ake Ayuda 6 miliyoni anaphedwa.

Chitsanzo chokhudza kwambiri nkhani yathu ndi cha Charles Lindbergh, woyendetsa ndege wotchuka. Pa 11 Sepitembala 1941, ku Des Moines, iye anatchula magulu atatu amene ankati akukankhira America kunkhondo: Angelezi, Ayuda ndi boma la Roosevelt. Anati kuopsa kwa Ayuda kuli pa mphamvu yawo m'makanema, m'manyuzipepala, pa wailesi ndi m'boma. Apa n'kuti a Nazi atayamba kale kuwombera Ayuda m'maenje kum'mawa kwa Ulaya. Patangopita miyezi itatu, amene analowetsa America m'nkhondo anali Japan, ataphulitsa Pearl Harbor. Choncho Myuda wa lero akamva mawu akuti "akutikokera kunkhondo ndi ndalama zawo", khutu lake limamva nyimbo imene agogo ake anaimva, ngakhale woyimbayo asakudziwa mwini nyimbo.

Ndipo nyimboyi imaphabe. Munthu amene anapha anthu 11 m'sunagoge wa Tree of Life ku Pittsburgh pa 27 Okutobala 2018 ankakhulupirira kuti bungwe lachiyuda lothandiza othawa kwawo, HIAS, likulowetsa adani m'dziko.

Mlandu wa "mitima iwiri" ndi wotani?

Ndi ganizo lakuti Myuda sangakhale nzika yokhulupirika, chifukwa mtima wake uli kwina. Alfred Dreyfus, kaputeni wa asilikali a France, anamangidwa mu 1894 pomunamizira kuti akugulitsa zinsinsi ku Germany, anatumizidwa ku Devil's Island, ndipo dzina lake linayeretsedwa mu 1906. Nthawi imeneyo kunalibe Israel woti amukayikire naye. Lero ganizo lomwelo langopeza keyala yatsopano.

Wina adzati, nanga Jonathan Pollard? N'zoona: anagwidwa mu 1985 akupereka zinsinsi za America ku Israel, anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse, anatuluka mu 2015, n'kusamukira ku Israel mu 2020. Iye anali kazitape, ndipo dzina lake ndi Pollard. Aldrich Ames ndi Robert Hanssen, Aamerica omwe sanali Ayuda, anagulitsa zinsinsi ku Moscow, koma palibe anafunsa kuti mtundu wawo kapena mpingo wawo wonse ufufuzidwe. Mwambi woti nsomba ikaola imodzi zonse zaola ndi wa nsomba zam'dengu, osati anthu.

Mlanduwu suchokera mbali imodzi yokha ya ndale. Donald Trump, amene amadzitcha bwenzi lalikulu la Israel, anauza Ayuda a ku America pa msonkhano wina mu Epulo 2019 kuti Netanyahu ndi nduna yawo yaikulu, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anati Myuda wovotera Democratic ndi mbuli kapena wosakhulupirika. Iye ankaganiza kuti Ayuda amayenera kukhulupirika ku Israel, pamene odana nawo amawadzudzula kuti ali okhulupirika ku Israel. Onse awiri amaganiza kuti kwawo kwenikweni si ku America.

Kodi Ilhan Omar analakwadi, kapena anangomupezerera?

Mu Febuluwale 2019 phungu ameneyu wa ku Minnesota, wobadwira ku Somalia, analemba pa Twitter kuti nkhani yonse yagona pa "ma Benjamin", kutanthauza pepala la madola 100 lomwe lili ndi nkhope ya Benjamin Franklin. Atafunsidwa kuti akulipira ndani, anayankha kuti AIPAC. Atsogoleri a chipani chake, kuphatikizapo Nancy Pelosi, anamudzudzula, ndipo anapepesa. Patapita masabata ochepa ananenanso za anthu okakamiza ena kukhulupirika ku dziko lachilendo, moto n'kuyakanso. Nyumba ya Malamulo inavomereza chikalata chodzudzula chidani cha mitundu yonse ndi mavoti 407 kwa 23.

Maganizo anga ndi akuti zonse ziwiri n'zoona. Anatchula bungwe ndi dzina, zomwe n'zoyenera. Koma mawu akuti "yonse" anamugwetsa, chifukwa amatanthauza kuti palibe phungu amene amathandiza Israel kuchokera mumtima kapena chifukwa cha ovota ake, onse ndi ogulidwa. Komanso kupezerera kunalipo. Kevin McCarthy, amene ankatsogolera kufuna kumulanga, anali atalemba yekha mu Okutobala 2018 kuti George Soros, Tom Steyer ndi Michael Bloomberg asaloledwe kugula chisankho, anthu atatu olemera a chibadwidwe chachiyuda. Anafufuta uthengawo ndipo palibe chinamuchitikira. Omar anachotsedwa m'komiti yoona za ubale ndi mayiko ena mu 2023.

Nanga akatswiri aja amene analemba za "Israel lobby"?

John Mearsheimer wa ku University of Chicago ndi Stephen Walt wa ku Harvard anatulutsa nkhani yawo mu London Review of Books mu Malichi 2006, n'kuikuza kukhala buku mu 2007. Mfundo yawo inali yakuti thandizo la America ku Israel laposa zimene zofuna za America zingafotokoze, ndipo chifukwa chachikulu ndi magulu olankhulira Israel. Ananena momveka kuti magulu amenewa si chiwembu cham'seri, kuti muli Akhristu ambiri, ndiponso kuti Ayuda ambiri sali m'menemo. Ena anawatcha odana ndi Ayuda. Ena, ngakhale odzudzula Israel monga Noam Chomsky, anati akatswiriwa akukulitsa mphamvu ya lobby n'kuchepetsa zofuna za America mwiniwake.

Pamene panaterera kwambiri ndi pa nkhondo ya Iraq ya 2003. Amene analamula nkhondoyo ndi George W. Bush, Dick Cheney ndi Donald Rumsfeld, ndipo palibe Myuda pa atatuwa. Koma anthu ankakonda kutchula Paul Wolfowitz, Richard Perle ndi Douglas Feith okha, ngati kuti pulezidenti anali chidole. Phungu Jim Moran ananena mu 2003 kuti pakadapanda Ayuda kuchirikiza nkhondoyo sikadachitika, n'kupepesa pambuyo pake. Kafukufuku wa Gallup anasonyeza kuti Ayuda a ku America ankatsutsa nkhondoyo kuposa Aamerica ambiri.

Kodi AIPAC inagonjapo?

Kangapo, ndipo pa nkhani zikuluzikulu. Mu 1981 inalimbana ndi Ronald Reagan kuti asagulitse ndege za AWACS ku Saudi Arabia, Senate inavota 52 kwa 48 mokomera Reagan. Mu 1991 George H. W. Bush anachedwetsa chikole cha ngongole ya madola 10 biliyoni chifukwa cha midzi imene Israel inkamanga m'madera a Apalestina. Mu 2015 AIPAC inamenya nkhondo ya mtima bii yotsutsa pangano la nyukiliya ndi Iran, Netanyahu mpaka anakalankhula ku Congress mu Malichi, koma Barack Obama anapambana. Pulezidenti akaima nji pa chimene akuchiona ngati chofuna cha America, lobby imabwerera.

Ndiye thandizo lija limachokera kuti? Pangano la 2016, lomwe anasainira ndi boma la Obama yemweyo, limapereka madola 38 biliyoni pa zaka 10. Ndalama zambiri zimagula zida m'mafakitale a ku America, choncho opanga zida ndi aphungu a m'madera awo ali ndi phindu. Ubalewu unalimba pambuyo pa nkhondo ya 1967, pamene Soviet Union inkapereka zida ku Egypt ndi Syria. Ndipo pali Akhristu a mipingo ya evangeliko, ovota mamiliyoni ambirimbiri. Christians United for Israel ya m'busa John Hagee imati ili ndi mamembala oposa 10 miliyoni, kuposa Ayuda onse a ku America. AIPAC imakankha chitseko chimene chili kale chotseguka theka.

Ndikamati "Azionisti" m'malo mwa "Ayuda", ndapulumuka?

Zimatengera chimene chatsatira. Zionism ndi ganizo la ndale lakuti Ayuda akhale ndi dziko lawo, ndipo ganizo la ndale limatsutsika. Koma mukati Azionisti ali ndi mabanki onse, manyuzipepala onse, ndipo ndi amene anabweretsa matenda, mwangosintha chikuto cha Protocols.

Abale athu okhala ku South Africa anaziona pafupi. Mu Januwale 2009 Fatima Hajaig, wachiwiri kwa nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, ananena pa msonkhano ku Lenasia kuti America ndi mayiko ambiri a Azungu ali m'manja mwa ndalama za Ayuda, ndipo anakakamizika kupepesa. Chaka chomwecho Bongani Masuku wa bungwe la ogwira ntchito la COSATU analemba za Azionisti, n'kunena kuti Hitler ndi bwenzi lawo. Mlandu unatenga zaka 13. Mu Febuluwale 2022 Constitutional Court inaunika mawu ake anayi, n'kupeza kuti amodzi okha, otchula Hitler aja, ndiwo anali achidani pa Ayuda, ena atatu anali okhudza ndale. Khotilo linasefa mawu ndi mawu, ndipo dziko lomwelo ndi limene linakasumira Israel ku International Court of Justice mu Disembala 2023. Kusumira boma ndi kunyoza mtundu sizinasakanizidwe.

Koma kodi mawu akuti "wodana ndi Ayuda" sagwiritsidwa ntchito potseka anthu pakamwa?

Amagwiritsidwa ntchito, ndipo amene amakana zimenezi sakunena zoona. Tanthauzo la chidanichi lomwe bungwe la mayiko lokumbukira kuphedwa kwa Ayuda ndi a Nazi, IHRA, linavomereza ku Bucharest mu 2016 lili ndi zitsanzo 11, ndipo 7 mwa izo zikukhudza Israel. Limanena kuti kudzudzula Israel monga mmene mungadzudzulire dziko lina lililonse si chidani, koma mzerewo ndi wovuta kuulemba, ndipo Kenneth Stern, amene anatsogolera kulemba tanthauzoli, wakhala akudandaula kuti likugwiritsidwa ntchito poopseza ophunzira ndi aphunzitsi m'mayunivesite. Mu Malichi 2021 akatswiri pafupifupi 200 anatulutsa Jerusalem Declaration on Antisemitism, yomwe imati kunyanyala katundu wa Israel kapena kuyerekeza mfundo zake ndi tsankho la apartheid, pakokha, si chidani. Netanyahu naye amafulumira kutcha makhoti a mayiko onse odana ndi Ayuda akamukhudza.

Apa ndi pamene khoswe wakhala pamkhate. Ku Britain zonse ziwiri zinaoneka m'zaka zochepa. Mu 2017 Al Jazeera inaulutsa kanema wojambulidwa mobisa wa Shai Masot, wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Israel ku London, akukamba zogwetsa nduna Alan Duncan. Kazembe Mark Regev anapepesa, Masot anachoka. Kumeneko kunali kulowerera kwenikweni, kokhala ndi dzina ndi nkhope. Mu Okutobala 2020 bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, EHRC, linapeza kuti chipani cha Labour pansi pa Jeremy Corbyn chinaphwanya lamulo posamalira madandaulo a mamembala achiyuda, ndipo linati kungotaya madandaulowo ponena kuti ndi opeka kunali mbali ya kuzunzako.

Ine ndimakonda Israel ndipo ndimaipempherera. Nkhaniyi ikundikhudza?

Ikhoza kukukhudzani. M'matchalitchi athu mumamveka mawu oyamikira akuti "Ayuda ndi odalitsika, ndalama zonse zapadziko zili m'manja mwawo." Amanenedwa mwachikondi, koma ndi chiganizo chomwe chija cha Lindbergh, chongovekedwa nkhata yamaluwa. Tsiku limene chuma chidzavute, womva uja adzakumbukira kuti anauzidwa amene ali ndi ndalama. Palinso mawu a pa Lachisanu Loyera akuti Ayuda anapha Yesu, omwe Tchalitchi cha Katolika chinawakana poyera mu 1965 m'chikalata cha Nostra Aetate. Hagee mwiniwake anakanidwa ndi John McCain mu 2008 utamveka ulaliki wake wonena kuti Hitler anali mlenje wotumidwa ndi Mulungu kuti athamangitsire Ayuda ku Israel.

Nanga ubale wa Malawi ndi Israel, nawonso ndi ntchito ya lobby?

Ubalewu unayamba mu 1964. Alangizi a ku Israel anathandiza kuphunzitsa a Malawi Young Pioneers, ndipo mu 1973, pamene mayiko ambiri a mu Africa anadula ubale ndi Israel, Kamuzu Banda anakana, monganso anakanira kudula ubale ndi South Africa ya apartheid ndi Taiwan. Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God, analengeza mu 2020 kuti Malawi idzatsegula ofesi ya kazembe ku Jerusalem, koma imene inatsegulidwa mu Epulo 2024 ili ku Tel Aviv. Mu Novembala 2023, nkhondo ili mkati, achinyamata 221 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, kumene antchito ambiri a ku Thailand anali atachoka.

Mafunso oyenera alipo ambiri: mgwirizano unasainidwa liti ndipo ndani anausainira, malipiro ndi angati, makampani olemba anthu amadula zingati, wovulala amasamalidwa ndi ndani, ndipo Malawi imavota bwanji ku United Nations pa nkhani ya Palestine. Onsewa ali ndi ofesi yoyenera kuyankha, ndipo maofesi ambiri mwa amenewo ali ku Capital Hill ku Lilongwe.